Mphini za Pilira

Malemia, Nsanje
9 Okutobala 2022

Mlongo wanga, amake Pilira,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa latiwotcha mpaka nkhuku zikuyenda zitayasama. Alamu anu a Otilia akupereka moni. Katundu amene munatumiza pa lole ya a Lorenso anafika bwino, kupatula mafuta ophikira amene anatayikira m'bulangete. Takhuta, zikomo kwambiri. Nsapato zija zikundithina. Ulendo wina muzikumbukira kuti phazi la mlimi silifanana ndi la anthu a ku Joni.

Ndalemba pepala chifukwa kafoni kanga kamabatani kamameza mayunitsi ndikaimba kunja, ndipo nkhaniyi si yokamba mothamanga. Ndi ya mwana wanu.

Foni yaikulu imene munamugulira Pilira mu Juni yatilanda mwana. Munthu tili naye pakhomo, koma kulankhula naye kuli ngati kulankhula ndi mtondo. Akadzuka, foni. Pakudya, foni. Pachulu paja kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira netiweki, udzu unatha ndi kukhalapo iye. Sabata yatha tinamutuma kudimba kukalondera chimanga. Mbuzi za a Paison zinadya mizere yonse ya kumtsinje iye ali pomwepo, khosi lili zyoli. Aphunzitsi anandiitana, akuti Fomu 3 akungoiwodzera.

Palinso fashoni ina imene waitola mmenemo. Mwezi uno wa Okutobala, ku Nsanje kuno, mwana wanu akuvala juzi ya manja aatali. Thukuta lili chuchuchu, iye osavula. Anthu pamjigo akumuseka, ndipo akamaseka iye akuseka ine, mkulu wa mpingo.

Ndiye foniyo ndamulanda. Ili m'sutikesi mwanga, kiyi ali m'thumba. Tsiku limenelo anandigwira miyendo n'kumalira, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa maliro a bambo ake sanalire choncho.

Mukapeza mpata tumizani batire la sola, lathu linafa.

Ndine mchimwene wanu,
Augustino

*

Malemia, Nsanje
11 Okutobala 2022

Amayi anga,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino pang'ono. Kalatayi ndawapatsa a Lorenso pamanja ku boma, amalume sakudziwa.

Chonde auzeni andibwezere foni. Za mbuzi zija ndi zoona, ndinalakwa. Koma amalume sakudziwa chimene ndinkayang'ana.

Mu Ogasiti ndinadzijambula vidiyo ndili kudimba, ndikuimba nyimbo ya kwaya m'Chisena. Ndinaiika pa tsamba langa kuti muione inu ndi anzanga a kusukulu. Sindikudziwa mmene inayendera, koma inafika kwa anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anthu osandidziwa n'komwe. Masiku oyamba ndinkangomwetulira ndekha. Kenaka wina anadula chithunzi cha mapazi anga n'kulemba kuti m'ming'alu yake mungadzalemo mbatata. Ena anayamba kudzijambula akuyeserera mmene ndimatchulira mawu. Mtsikana wina wodzola bwino analemba kuti akanakhala ndi nkhope ngati yanga sakanavutikanso kukhala ndi moyo. Anthu ambiri anamuikira zizindikiro zoseka.

Ndikudziwa muti ndingosiya kuwerenga. Ndinayesa, amayi. Ndimaisiya m'nyumba, koma ndisanafike pamjigo dzanja layamba kale kuyabwa. Pakati pa onyoza ambirimbiri pamapezeka mmodzi wolemba kuti ndili ndi mawu abwino, ndiye ndimafukula zonyansa zonsezo kufunafuna mmodziyo.

Kuyambira pamene anandilanda foni zinthu zafika poipa. Ndikudziwa kuti akundinenabe, koma sindikuona chimene akunena. Mutu umangolira ngati chigayo. Pali chimene ndimachita kuti chigayocho chizime kwa kanthawi, koma sindingachilembe papepala. Ndidzakuuzani pakamwa.

Mubwera liti? Khirisimasi ikubwerayi ikhala yachinayi muli kumeneko.

Mwana wanu,
Pilira

*

Johannesburg
20 Novembala 2022

Achimwene,

Moni nonse kumudzi, alamu anga ndi Rodgers mwana wanu. Ine ndili bwino, kungoti msana. Batire ndatumiza. Za nsapato, ngati zikuthina mupatseni Rodgers, ine sindinayeze phazi lanu.

Makalata onse awiri ndalandira, yanu ndi ya Pilira. Inde, anandilembera mobisa. Foni ija ndinaigula ndi mawondo anga awa, ndikukolopa nyumba za anthu, kuti ndizimva mawu a mwana wanga Lamulungu. Koma ngati yamusokoneza, isungeni kaye.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi juzi. Achimwene, inu ndinu mwamuna, zina simungazione. Mtsikana wa msinkhu umenewo savala juzi ku Nsanje mu Okutobala chifukwa cha fashoni. M'kalata yake akuti pali chimene amachita chimene sangachilembe. Ine ndinabereka iyeyo ndili ndi zaka zomwezo, ndiye asandiyese mwana. Auzeni alamu anga alowe naye kubafa amuvule, aone ngati sali woyembekezera. Ngati ali ndi mimba, mwini wake adziwike mimbayo isanaonekere.

Mawu otsatirawa mumuwerengere mokweza.

Pilira, iwe ukulira chifukwa anthu a m'foni aseka mapazi ako? Ine kuno anthu amanditchula mayina pamaso, m'basi, m'shopu, ndimangomeza n'kupita kuntchito. Mapaziwo paka mafuta. Chigayo cha m'mutu chimazima ndi khasu. Kubwera sindingabwere chaka chino, mapepala anga sali bwino, ndikatuluka sindidzalowanso. Ndipo ndikabwera udzadya chiyani?

Ndine mlongo wanu,
Eveless

*

Malemia, Nsanje
8 Januwale 2023

Amake Pilira,

Moni wa chaka chatsopano. Mvula yayamba bwino, mapira amera. Batire likugwira ntchito.

Alamu anu anachita zimene munanena. Mwana anakana, anagwira juzi ndi mano, mpaka tinaitana mkazi wa a Paison kuti athandize kumugwira. Mimba alibe. Bwenzi ikanakhala mimba, mlongo wanga, chifukwa mimba ili ndi mwini wake ndipo nkhani yake imatha.

Mwana wanu ali ndi mphini. Mikono yonse iwiri, kuyambira pamwamba pa dzanja mpaka m'chigongono. Zina zakale zopola, zina zatsopano. Ine ndinakula ndikuona mphini pachifuwa pa malemu bambo athu asanatembenuke mtima, ndiye munthu asandiuze kuti sindikuzidziwa. Koma bambo athu anali nazo zowerengeka. Uyu watemedwa ngati wapita kwa asing'anga onse a tsidya la Shire.

Tsopano zonse zamveka. Mukuganiza kuti kavidiyo ka mwana wa kumudzi, woimba ali m'matope, kangafike ku Lilongwe pakokha? Anakatemera mankhwala okopera anthu. Akuti masiku ano atsikana akuchita zimenezi kuti azitsatidwa ndi amuna a m'foni. Ndi chifukwa chake ankalira chonchija nditamulanda, mankhwala ankamuitana.

Ndinamukhazika pansi, ndinamufunsa dzina la sing'angayo. Akuti kulibe sing'anga. Akuti amadzicheka yekha. Ndinamufunsa kuti, kodi unamuonapo ndani wodzitema yekha mphini? Nanga ngati mulibe mankhwala, phindu lake n'chiyani? Anangoti, "Zimandithandiza kupuma, amalume." Mwamva yankho limenelo? Bodza lopanda ndi miyendo yomwe.

Mkazi wa a Paison pakamwa pake mukupadziwa. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti m'nyumba ya mkulu wa mpingo muli zitsamba. Ine ndakhala ndikudula anthu mumpingo chifukwa cha kachithumwa ka m'chiuno mwa khanda. Ndikabisa za m'nyumba mwanga andiona bwanji? Choncho Lamulungu likubwerali aimirira kutsogolo, aulule, timupempherere. Zimenezi ndi zomuthandiza iye yemwe.

Foni ija ndamupatsa Rodgers kuti aziigwiritsa ntchito, ingawonongeke ndi kungokhala.

Augustino

*

Johannesburg
12 Febuluwale 2023

Pilira,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo wa kalata.

Kalata ya amalume ako inandipeza nditaona kale zonse. Ndinaona ndili m'khitchini mwa abwana, pa gulu la Amalawi a kuno. Wina anatumiza vidiyo n'kulemba pamwamba kuti, "Mtsikana wa ming'alu uja wagwidwa ndi mphini." Rodgers ndiye anajambula ndi foni yomwe ija, n'kuiika pa tsamba lako lomwe, poti sunatulukemo. Iyeyo ndidzathana naye padera.

Ndinakuona utaimirira kutsogolo kwa guwa, alamu anga akukupinda manja a juzi, amayi awiri atakweza mikono yako m'mwamba kuti a kumbuyo aone. Ndinamva mpingo wonse ukuti "hii". Ndinaona amalume ako akukufunsa dzina la sing'anga, iwe uli duu, maso pansi, ngati mbuzi ya pamsika. Ngakhale kulira osalira. Ukanangotchula dzina, n'kugwada, zikanathera pomwepo.

Ukudziwa chimene wandichita? Ine kuno ndimatsogolera mapemphero a amayi Lachinayi. Foni yanga inalira tsiku lonse. "Mai Eveless, si mwana wanu uja mumationetsa pa chithunzi?" Mayi wina wa ku Chikwawa, amene ndinamupezera ntchito ndine, analemba pagulu kuti tsopano tadziwa chimene ena amakhalitsira pantchito, ndi za kumtundu. Ndinalowa pa tsamba lakolo, pansi pa vidiyo, ndinalemba ndi dzina langa kuti ine ndilibe mwana wotemera mankhwala. Ndipo sindikubweza.

Zaka zinayi ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja kuti iwe uphunzire. Sopo amene ndimadzimana ine, iwe n'kumakapereka kwa asing'anga kuti amuna a m'foni azikuimbira m'manja.

Ndatuluka m'magulu onse ndipo nambala ndasintha. Yatsopanoyi sindipatsa munthu aliyense kumudziko, ngakhale amalume ako, chifukwa Rodgers angaimwaze. Ukafuna kundilankhula, lemba dzina la sing'angayo papepala upatse a Lorenso. Popanda dzinalo usavutike kulemba.

Eveless

*

Malemia, Nsanje
8 Malichi 2023

Amayi anga,

Muli bwanji? Msana uli bwanji? Mwati ndisalembe popanda dzina la sing'anga. Dzina lake ndi Pilira. Palibenso wina.

Amayi, mphini mumazidziwa. Zimakhala zazing'ono, zoyandikana bwino, zakuda chifukwa cha mankhwala amene amapakamo. Zangazi mulibe kanthu. Palibe amene anaziyang'anitsitsa, onse anangoona zimene ankafuna kuona. Ndinayamba mwezi umene anthu anayamba kundiseka. Zonyoza zikadzaza m'mutu mpaka kulephera kupuma, ndimadzipweteka, ndiye kwa kanthawi ululu umachoka m'mutu n'kupita pamkono. Kenaka manyazi amabwera, ndivale juzi, ndikatsegulenso foni. Sizithandiza, ndikudziwa. Koma kusiya ndekha ndalephera.

Zimene munalemba pansi pa vidiyo ndinaziona kalata yanu isanafike. Rodgers anandibweretsera yekha ndikutsuka mbale, anandigwirira foni pamaso kuti ndiwerenge bwino. Anthu ambiri anakuyamikirani, akuti ndinu mayi woopa Mulungu. Masiku ano ndimamuchapira Rodgers zovala kuti andibwereke foniyo pang'ono. Ndimapita pomwepo, pa mawu anuwo, kukaona ngati mwafufuta.

Kusukulu ndinasiya. Anyamata amapinda manja a malaya ndikamadutsa. Kwaya anandichotsa, ndimakhala benchi la kumbuyo. Pamjigo amayi amachotsa zidebe zawo kuti zisagundane ndi changa.

Munthu mmodzi yekha ndiye anabwera, madamu a Juliana, aphunzitsi athu a sayansi. Anandipeza kudimba. Anayang'ana mikono yanga osanyansidwa, anati si ine woyamba, ndi matenda a maganizo ndipo anthu amachira. Akuti kuchipatala kuli munthu amene ntchito yake ndi kukamba ndi anthu otere, koma ndipite ndi kholo. Anakawapempha amalume. Amalume anakana, anati nkhabe, za mizimu sizipita kuchipatala, ndipo madamuwo asadzapondenso pakhomo pano.

Amayi, maganizo amene akumandibwerera masiku ano akundiopsa. Amandiuza kuti mtsikana wodzola bwino uja ananena zoona. Ine sindikufuna kuwamvera. Ndikufuna kuchira, ndikufuna ndidzalembe mayeso. Sindikupempha foni, sindikupempha kanthu kogula. Ngati simungabwere, ingowaimbirani amalume muwauze kuti andiperekeze kuchipatala. Inu akumverani chifukwa batire ndi lanu.

Kunja kwachita mdima ndi mitambo, pa wailesi akuti kukubwera namondwe. Ndithamange ndikasiye kalatayi ku boma mvula isanayambe.

Ndine mwana wanu ndithu,
Pilira

*

Pa kampu ya pasukulu, Nsanje
16 Epulo 2023

Amake Pilira,

Moni m'dzina la Ambuye. Za namondwe wa Freddy munamva. Nyumba inagwa mbali ya kuchipinda, mapira onse anapita, mbuzi zinatsala ziwiri. Kafoni kanga kanapita ndi madzi. Ngakhale kakanakhalapo, nambala yanu munatimana. Msewu unaduka, a Lorenso angotulukira sabata ino, ndiye uthenga uwu ukupezani mochedwa. Mlandu wake si wanga.

Limbani mtima. Pilira anatisiya Lachiwiri lotsatira Pasaka. Tinaika Lachitatu.

Pakampu pano tadzazana anthu a midzi yambiri, kalasi imodzi mabanja angapo. Kumudzi anthu anali atayamba kutopa nayo nkhani yake, koma kuno inapeza makutu atsopano. Pamzere wolandirira ufa achinyamata ankaonetsana vidiyo ija n'kumamuloza. Amayi ena anakana kuti agone pafupi ndi ana awo, ndiye ankagona pakhonde. Ena ankati madzi onsewa abwera chifukwa cha anthu ngati iyeyo. Ine ndinamuuza kuti mankhwala ake ndi amodzi, atchule sing'anga, anthu amukhululukire. Masiku omalizawo ankangofunsa ngati a Lorenso abwera.

Mmene tinamupezera sindilemba. Dziwani chabe kuti sanadwale, ndipo si madzi. Anachita yekha.

Tsopano mvetsetsani bwino. Inu mukudziwa mmene maliro otere amayendera kwathu kuno: kwaya siimba, mpingo suyendetsa mwambo, anthu amaika mwakachetechete n'kubalalika. Ine mkulu wa mpingo, nditataya kale nyumba, sindikanalola chipongwe chachiwiri. Amene tinaona ndi ine, alamu anu ndi a Paison basi, ndipo a Paison ndawalonjeza mbuzi imodzi kuti mkazi wawo asamve. Tinauza anthu kuti anapita kukaona kudimba n'kuterereka m'madzi. Mwezi uno zimenezo palibe amene akufunsa kawiri. Alamu anu anasambitsa okha thupi, n'kumuveka juzi yake ija. Mukafunsidwa kumeneko muzinena chimodzimodzi.

Mwambo unayenda pyadidi, bwino zedi, simungakhulupirire. Kwaya inaimba nyimbo yomwe ija ankaimba kudimba. Rodgers anajambula n'kuika pa tsamba la malemuyo, ndipo akuti anthu alemba ambiri kuposa kale. Akuti anali mngelo, anali ndi mawu okoma, dziko lataya luso. Ena akufunsa kumene angatumize chipepeso. Ndamuuza Rodgers ayike nambala yake. Dzina la banja layera, mlongo wanga, pamenepo tithokoze Mulungu.

Madamu aja a kusukulu anabwera kumanda, anaima patali, sanandipatse moni. Ndi anthu ophunzira amenewo.

Tikufunika malata ndi mapulasitiki. Mabulangete alipo, atipatsa.

Mchimwene wanu,
Augustino

*

Johannesburg
7 Meyi 2023

Mwana wanga Pilira,

Uli bwanji, mwanawe? Madzi aja anakusiyani bwanji? Chiyambire Malichi ndakhala ndikuimba nambala ya amalume ako, siikulowa. Foni ili ndi Rodgers ija sindinaiimbire, angamwaze nambala yanga. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti kukanakhala choipa ndikanamva.

A Lorenso afika dzulo. Andipatsa makalata awiri, yako ya mu Malichi ndi ina ya amalume ako. Akuti yako inakhala m'sitolo ku boma nthawi yonse imene msewu unali woduka. Bambo aja sindikudziwa chawavuta n'chiyani. Masiku onse amakhala pansi, kumwa tiyi, kundiuza za kumudzi mpaka kutopa nawo. Dzulo anangoima pageti chipewa chili m'manja. Nditafunsa za iwe anati zonse zili m'makalatamo, iwo ndi wonyamula chabe.

Ndinayamba ndi yako. Ndaiwerenga katatu nditakhala pansi m'bafa la abwana, madzi ndikuwasiya akutuluka kuti asandimve. Kenaka ndinatsegula vidiyo ija, imene ndinalumbira kuti sindidzaionanso. Ndinaiimitsa pamene akukweza mikono yako, ndinaikulitsa ndi zala. Mulibe mankhwala, Pilira. Ine mwana wa bambo anga, mphini ndimazidziwa, ndipo zimenezo si mphini. Tsiku lija ndinkayang'ana anthu amene ankandiyang'ana ine, mikono yako sindinaiyang'ane.

Mawu aja ndafufuta. Ndinapita pomwepo molunjika, osayang'ana china chilichonse pa tsambalo, chifukwa mtima wanga sungathenso kuwerenga zonena za anthu amenewo. Ukabwereka foni kwa Rodgers ukaone, palibe. Ndipo zovala zake usachapenso.

Ndalankhula ndi abwana. Ndawauza kuti mwana wanga akudwala, ndinyamuka mwezi uno ukatha. Za mapepala zikhale mmene zikhalire, ngati sindidzalowanso kuno ndiye kuti basi. Kuchipatala ndikuperekeza ndekha. Uwauze madamu a Juliana kuti ndikufuna kudzawagwira dzanja. Amalume ako akadzati nkhabe adzandiuze ine pamaso, tidzaone ngati anakubereka ndi iwo.

Maganizo aja akabwera, uziwauza kuti amayi anga ali m'njira. Usakhale wekha, uzipita kwa madamuwo. Ndi masabata ochepa chabe.

Ndakugulira malaya awiri opepuka, a manja aatali, oti mphepo izipita. Juzi ija uivule, kwathu kumatentha. Nambala yanga yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali, ndi yako wekha.

Kalata ya amalume ako sindinaitsegule. Ndikudziwa kale kuti muli malata ndi madandaulo, ndipo lero sindikufuna mawu awo andiwonongere mtima. Ndidzaiwerenga m'basi.

Undidikire.

Ndine mayi ako,
Eveless